Kwa inu amene munadzalira nafe amayi

Ambiri mwa inu sindinakuyankheni. Mauthenga anu akadali mu foni muno, ena ndinawatsegula, ena ndinangoona dzina la wotumiza n'kuika foni pansi, koma palibe ngakhale umodzi umene ndinafufuta. Amayi anatisiya mu Febuluwale 2024, ndipo chaka chikupita kumapeto chonchi m'pamene dzanja lavomera kulemba.

Tsiku loika maliro, amalume anaimirira n'kuthokoza m'malo mwa banja monga mwa mwambo. Anathokoza amfumu, anathokoza abusa ndi mpingo, anathokoza adzukulu, kenako anati, "ndiponso anzawo a ana athuwa ochokera ku tauni." Inu nonse munapanikizana m'mawu ochepa amenewo. Si mlandu wawo, sakudziwani. Koma ine ndimakudziwani mmodzimmodzi, ndikudziwa amene anasiya mwana akudwala, amene anakongola ya thiransipoti, amene anajomba kuntchito. Maina sinditchula, aliyense adzizindikira yekha.

Amayi anakhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri, kenako kuthamanga kwa magazi kunadzawonjezerapo. Atagwa kudimba n'kufa ziwalo mbali imodzi, tinawatenga kumudzi n'kubwera nawo kuchipatala kuno ku Lilongwe. Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa moyo wake: kugona pa chitenje m'mbali mwa bedi, kutembenuza wodwala usiku, kuchapa m'mawa kusanache kuti upeze malo pa chingwe. Tinkasinthana ndi achemwali anga. Chipepeso chanu chinayambira pamenepo, amayi akadali moyo, ngakhale nthawi imeneyo palibe amene akanachitchula choncho. Wina ankabwera ndi phala m'fulasiki pa nthawi yoona odwala ya m'mawa, asanapite kuntchito. Wina anatenga ana anga kukakhala nawo kwawo ku Area 25 osafunsa kuti mpaka liti.

Anatisiya m'bandakucha. Za ola limenelo sindilemba.

Munthu woyamba kufika anali mnzanga wa ku sekondale. Sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Bweretsa foniyo." Kuyambira pamenepo ndiye ankayankha aliyense, ndiye anaimbira amalume kuti akadziwitse amfumu, ndiye anatsegula gulu la pa WhatsApp, ndiye anapita ndi achimwene kukaona mabokosi. Mnzangayu bambo ake anamwalira mu Januwale 2021, mwezi umene Covid-19 inalusa mpaka kutenga nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi. Misonkhano ya anthu ambiri inali yoletsedwa. Bambo akewo anaikidwa mofulumira, pamaso pa anthu owerengeka, popanda kugona m'siwa, popanda kuona nkhope. Ife tinangomuimbira foni, panalibenso china chimene tikanachita. Amadziwa kuwawa kwa maliro opanda anthu kuposa tonsefe, ndipo ndikaganiza mmene anathamangira sabata imeneyo, ndimaona kuti mwina ankachitira amayi anga zimene sanaloledwe kuchitira bambo ake. Sindinamufunse, ndipo sindidzamufunsa.

Panali maganizo oti tingowaika ku manda a ku Area 18 kuti tipewe za galimoto. Amalume, eni mbumba, sanafune n'kumva komwe. Mlongo wawo akagona kwawo, pafupi ndi amayi ake, basi. Kwa ife Achewa munthu ndi wa kuchikazi, ndipo pa nkhani ngati imeneyi mawu a malume satsutsika. Mumtima ndinagwirizana nawo, koma m'thumba munalibe kanthu. Matenda anali atadya zonse. Kumbukirani kuti kwacha inali itangogwa kumene ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo lita imodzi ya dizilo inali itafika pa K2,734. Mwini lole aliyense amene tinamufunsa ankayamba ndi nkhani ya mafuta asanatchule mtengo. Ndiye pali bokosi, pali kukonza thupi ku nyumba yachisoni, pali minibasi ya operekeza, pali ndiwo ndi shuga za anthu amene sudziwa kuti abwera angati.

Ndalamazo zinachokera kwa inu. Mnzanga uja ankandiwerengera mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba akamalowa, ine ndikungogwedeza mutu, osamva n'komwe. Anzanga a kuntchito anasonkha zawo. Amayi a ku banki mkhonde yathu anatsegula thumba la zadzidzidzi n'kuwonjezerapo za m'manja mwawo. Mnzanga wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg anatumiza pa Mukuru dzuwa lisanafike pamutu, ndalama zimene ndikudziwa kuti zinali za lendi. Kubwera sakanatha. Basi yochokera kumeneko imadutsa Beitbridge, kudula Zimbabwe yense, kuwoloka Zambezi pa Tete, ndipo ikamafika kuno maliro amakhala ataikidwa kale. Anthu athu ambiri ali ku Joni amalira makolo awo pa foni chifukwa cha mtunda umenewu. Usiku anandiimbira, sitinalankhule zambiri, tinangolira aliyense mbali yake mpaka mayunitsi anatha.

Tinanyamuka masana kutsata msewu wa M1, kudutsa Nathenje, Kamphata, kuwoloka Diamphwe n'kulowa m'boma la Dedza. Ndinakhala kumbuyo kwa lole pafupi ndi bokosi. Chimene ndikukumbukira pa ulendowo ndi chimanga. Mwezi umene chimayenera kukhala chobiriwira chikumasula, m'minda yambiri chinali chitapota masamba ndi ng'amba. Mwezi wotsatira Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala chifukwa cha El Niño. Ndikutchula izi kuti mumvetse zimene tinakapeza kumudzi.

Titapatuka pa Linthipe n'kulowa msewu wafumbi, tinapeza masamba ataikidwa kale pamsewu. Akabaza ankatsika panjinga n'kumakankha, abambo ankavula zipewa. Ndipo kuseri kwa nyumba ya amayi kunali mzere wa azimayi, aliyense ndi mbale ya ufa yovindikira ndi kansalu, ena mtolo wa nkhuni pamutu, ena ndowa ya madzi. Febuluwale ndi mwezi umene nkhokwe zimakhala zitagona pansi ngakhale chaka chabwino. Chaka chimenecho mabanja ena ankadya kamodzi patsiku. Komabe khomo lililonse linatulutsa mbale yake, wambiri unali mgaiwa, ndipo palibe amene anachita kukakamizidwa. Anzanga a m'tauni amene munadya nsima ija, dziwani kuti inachoka pakamwa pa ana a eni ake.

Msuweni wanga anapatsidwa ntchito yolemba chipepeso. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango ndi kope la sukulu, la mizere, ndi mbale pambali pake. Kopelo lili ndi ine. Ndalitsegula kambirimbiri moti chikuto chayamba kuthothoka. Zolemba zake zimayamba bwinobwino, dzina, mudzi, ndalama, koma pofika tsamba lachitatu dzanja linatopa, zilembo zikupendama, penapake bolopeni inatha n'kupitiriza ndi yofiira. Muli amfumu a midzi yoyandikana nafe. Muli mipingo, ya Katolika ndi ya Adventist yomwe, ngakhale amayi anali a CCAP. Muli "aphunzitsi a pa pulayimale", muli "anyamata a pa chigayo", muli "nkhuku imodzi", "thumba la makala", "sopo muwiri". Muli K20,000 ya munthu mmodzi, ndipo mzere wotsatira muli K100.

Pali mzere umodzi wopanda dzina. Ndinaona ndi maso anga mmene unalembedwera. Agogo ena, okalamba kuposa amayi, anafika ndi ndodo, anagwada movutikira, anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje ndi mano chifukwa zala zinakanika, n'kutulutsa K200 yopindapinda, yofewa ndi thukuta. Msuweni wanga anafunsa kuti, "Agogo, tilembe ndani?" Iwo anati, "Lembani kuti mnzake wa kudimba." Analembadi choncho. Pambuyo pake ndinamva kuti madimba awo anali oyandikana, ndipo kwa zaka zambiri ankathirira ndi kheni imodzi, ya amayi, wina m'mawa wina madzulo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwambo wolengeza chipepeso pagulu simuukonda. Tinakambiranapo pobwerera. Mumati umachititsa manyazi wosauka, ndipo umapatsa mpata anthu ofuna kutchuka, makamaka andale amene amafika pamaliro mochedwa, envelopu m'manja, n'kudikira kuti dzina lawo limveke pa chimkuzamawu asananyamuke. Pa za andalezo ndikuvomereza, ndinaziwonapo pamaliro ena ndipo zimanyansa. Koma pa zinazo ayi. Kumudzi palibe amene anaseka K100. Aliyense amadziwa mmene mnzake alili, amadziwa kuti K100 imeneyo ndi ya mchere wa mawa. Kulengeza kumatetezanso banja: ndalama zikawerengedwa pamaso pa anthu, palibe wachibale amene angadzanene mawa kuti wakutiwakuti anadya chipepeso, ndipo mabanja ambiri adadana mpaka kalekale chifukwa cha nkhani yomweyi. Akuluakulu adati maliro n'kulirana. Kope lija ndi pamene kulirana kumeneko kumasungidwa, kuti tsiku limene zovuta zidzagwe kwa anyamata a pa chigayo, ife tisadzanamizire kuiwala.

Usiku wa m'siwa ndimaukumbukira mwa zidutswazidutswa. Amayi a Chigwirizano anafika ndi mabulauzi awo oyera, masiketi akuda ndi maduku oyera, ndipo anaimba osalekeza mpaka tambala woyamba, gulu lina likatopa lina n'kulandira. Amayi anali wa Chigwirizano kuyambira ndisanabadwe, ndipo tinawaveka yunifolomu yawo. Pakati pa azimayi amenewo ndinkaona nkhope zanu. Inu amene kwanu mumagona pa matiresi, munagona pa mphasa, mutu pa chikwama, mapazi a munthu wosamudziwa ali pamsana panu. Ku Dedza kumazizira ngakhale nthawi ya dzinja, ndipo ambiri munabwera ndi chitenje chimodzi chokha. Mnzanga wachisilamu wa ku Mangochi nyimbo zathu sazidziwa, ndipo kwawo maliro sachedwa chonchi, amaika mwamsanga. Iye anapita kumoto, n'kukhala gulu limodzi ndi azimayi ophika, kutsuka mapoto akuluakulu ndi mchenga mpaka manja anatupa. Azakhali anga mpaka pano amafunsa za "mtsikana wa mpango uja".

Abambo a kuntchito kwathu anakhala panja pamoto ndi amuna a m'mudzi. M'mawa ndinaona mmodzi wa iwo, munthu amene ku ofesi sitilankhulana kupitirira moni, atapinda thalauza, nsapato zili mbuu, akuthandiza kunyamula bokosi. Adzukulu, amene anali atakumba manda kuyambira kusanache, sanamusiye. Anamuseka kuti manja ake ndi a bolopeni, kenako anayamba kuyerekeza mmene amayi ankakalipira ana oba mapichesi, mawu ake enieniwo, mpaka kaimidwe kogwira m'chiuno. Alendo ena anadabwa kuti anthu angachite nthabwala pamaliro. Ndi ntchito yawo adzukulu, ndipo ndinaseka, kuseka koyamba chimwalirireni amayi, misozi ili m'masaya.

Pa mawu amene munandiuza, ndinene zoona: "limbani mtima" sankalowa. Sindikudandaula, ndi mawu amene tonse tinaphunzira, inenso ndawanenapo kwa ena, ndipo ndikudziwa kuti kumbuyo kwake kuli chikondi. Koma munthu amene wangotaya mayi ake alibe polimbira. Amene ankandifika pamtima ndi amene ankabwera ndi nkhani. Bambo wina amene sindinkamudziwa anandiuza kuti amayi anamulipirira mayeso a Fomu 2 ndi ndalama za mbatata ya kachewere, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu. Mnzanga wina anandikumbutsa za tchuthi chimene anakakhala kwathu tili ana, mmene amayi anamumetera tsitsi chifukwa cha nsabwe, namuuza kuti akanene kwawo kuti ndi sitayilo ya ku Dedza. Mayi wina anati amayi ndi amene anamuperekeza kuchipatala usiku pa ngolo pamene anali pafupi kuchira mwana wake woyamba. Ndinkaganiza kuti amayi ndimawadziwa. Ndinabwerako ndi amayi ochuluka kuposa amene ndinapita nawo, ndipo zimenezo munandipatsa ndinu. Ngati pali wina amene ali ndi nkhani ina, yaing'ono bwanji, ngakhale yoti anakukalipirani, chonde nditumizireni. Ndikuzilemba kuti ana anga adzawerenge.

Za pa Facebook nazo ndinenepo. Pali anthu amene amanyoza mauthenga a pamenepo, amati kulemba "pepani" kapena "mzimu wawo uuse mumtendere" pansi pa chithunzi n'kosavuta, sikufanana ndi kubwera. Zoona, sikufanana. Koma tulo tikasowa pakati pa usiku, anthu onse m'nyumba atagona, sungagogode pakhomo pa munthu. Ndinkatsegula foni n'kumawerenga maina aja mmodzimmodzi: amene tinaphunzira limodzi pulayimale, amene tinkapemphera limodzi ku Zomba, wina ali ku Leeds amene tinasiyana kalekale, mphunzitsi wanga wakale amene sindinkadziwa kuti akundikumbukira. Aliyense anaima kaye pa zimene ankachita n'kuganiza za amayi anga, ngakhale kwa mphindi imodzi. Pa ola limenelo zinkandikwanira.

Ena simunanene kanthu, ndipo tikakumana mumayang'ana kumbali. Musavutike. Ndikudziwa kuti imfa imamanga lilime, ndipo ena muli ndi mabala anu amene maliro a mnzanu amawatukula. Tipatsane moni monga kale.

Maliro ali ndi phokoso lake limene limamunyamula munthu. Chovuta chimabwera pambuyo. Titameta, titagawa zovala za amayi kwa abale, lole itabwerera, ndinafika m'nyumba mwanga muno n'kupeza zonse zili mmene ndinazisiyira, ndipo dziko likuyembekeza kuti Lolemba ndipite kuntchito. Amayi sankaimba foni, ankangoflasha. Lamulungu lililonse madzulo, akachoka ku tchalitchi n'kudya, foni inkalira kamodzi n'kuduka, ine n'kuwaimbira, iwo n'kuyamba kundiuza amene wadwala, amene wakwatiwa, mtengo wa feteleza, mbuzi ya ndani yalowa m'munda mwa ndani. Lamulungu loyamba nditabwerera ndinapezeka nditagwira foni nthawi yomweyo, ndikudikira. Ndinamuuza mnzanga mmodzi za zimenezi, mongodutsa. Lamulungu lotsatira madzulo foni inalira kamodzi n'kuduka. Ndinayang'ana, linali dzina lake. Ndinamuimbira ndikulira ndi kukalipa nthawi imodzi, iye n'kungoti, "Ndiye undiuze, kwanuko wakwatiwa ndani?" Sanaphonyepo Lamulungu mpaka lero.

Anthu otere ndi amene ndikufuna kuwathokoza mwapadera, amene anabwera gulu litabalalika. Amene anandipeza mwezi wa Epulo n'kungokhala nane pakhonde tikusankha nyemba. Amene anaona kuti ndawonda n'kuyamba kubwera ndi nkhomaliro ya anthu awiri ku ofesi, osanena chifukwa. Apongozi anga, amene anandiuza kuti, "Mwanawe, ukafuna kulira uzibwera kuno, ana asamakuone tsiku lililonse." Abwana anga amene anandipeza ndikuyang'ana kompyuta yozima, natseka chitseko mwakachetechete n'kubwerera.

Tsiku limene ndinkaliopa kwambiri linali la 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Kutatsala milungu ingapo, mawayilesi amakhala ali pa amayi, m'masitolo ndi m'misika zitenje zili mbwee, aliyense akufunsa mnzake kuti chaka chino awagulira chiyani. Chaka chilichonse ndinkakwera minibasi ndi chitenje, shuga ndi mafuta ophikira. Chaka chino ndinakonza zongodzitsekera m'chipinda. M'mawa kunja kunalira hutala. Anali anzanga awiri, ndipo mmodzi anali ndi chitenje chatsopano m'pepala. Anati, "Amayi ako aang'ono alipo, si choncho? Nawonso ataya mkulu wawo. Tiye." Tinapita. Amayi aang'ono anatiwona tikutsika galimoto, anakhala pansi pomwepo pabwalo n'kuyamba kulira, kenako anadzuka n'kutiphera nkhuku. Pa chikhalidwe chathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, zimenezi ndazidziwa moyo wanga wonse, koma anachita kundikumbutsa ndi anzanga, mmodzi mwa iwo Mtumbuka wa ku Rumphi. Tinadutsanso kwa agogo a kudimba aja. Kheni ija ili kwa iwo tsopano, tinagwirizana ndi achemwali kuti isachoke.

Chimwalirireni amayi, zovuta zagwa kale m'makomo angapo mwa amene ali m'kope lija. Ndikamva, ndimatenga chitenje ndi duku n'kupita, ndipo ndimayesetsa kukagona. Si kubweza, chifukwa mbale ya ufa ya mwezi wa njala ilibe mtengo umene ndingaubweze. Kungoti tsopano ndikudziwa kuti wofedwa amaona aliyense amene walowa pakhomo, ngakhale maso ake atatupa bwanji, ndipo ndikudziwa kuti ntchito yeniyeni ili kuseri kwa nyumba, kumapoto.

Amalume akuti chiliza tidzamange chaka chamawa anthu akakolola, mvula itasiya, msewu uli wouma. Tsiku likadziwika ndidzakuuzani pa gulu lija, silinatsekedwe. Amene mudzathe tidzapitire limodzi, ndipo ulendo uno mudzatenge majuzi.

Komanso kumudzi kunatsala katundu amene si wathu: mapoto awiri akuluakulu, lina lili ndi kadontho ka penti yobiriwira pa chogwirira, beseni la pulasitiki lofiira, ndi ambulera yakuda yothyoka nthiti imodzi. Azakhali afunsa mudzi wonse, mwini wake sakupezeka, ndiye akuganiza kuti ndi za alendo a ku tauni. Ngati ndi zanu ndiuzeni, ndidzabwera nazo ndikapitako kumapeto kwa mwezi uno.